Yankho kwa Achemwali a ku Matawale pa za Malonda Odutsa Malire

Achemwali, mwandifunsa kuti malonda okaoda katundu kunja amayenda bwanji, kuti pamafunika mpamba wochuluka motani, komanso ngati sikungakhale kwanzeru kungoika ndalama zimene mwasunga m'malonda ogula ndi kugulitsa ndalama zakunja pa foni, amene achinyamata ambiri akuwatama masiku ano. Ndakhala masiku angapo ndisanakuyankheni chifukwa ndalama zimenezo mwazisonkhanitsa movutikira, ndipo sindikufuna kuti zitayike chifukwa cha mawu anga osaganizira bwino.

Ine ndinakulira ku Jali, ndipo malonda ndinawaphunzira kwa mayi anga, amene ankapikula matemba ku Kachulu n'kumadzagulitsa mumsika wa Zomba. Nyanja ya Chilwa itauma mu 1995 matembawo anasowa, pakhomo panalowa njala, ndipo ine ndi mnzanga wina tinayamba kupita ku Milange kudzera pa chipata cha Muloza, titanyamula ziwiya zapulasitiki, pobwera n'kutenga nyemba. Patapita zaka ndinayamba ulendo wa ku Dar es Salaam, womwe umadutsa Mzuzu, Karonga, chipata cha Songwe ndi Mbeya, kukaoda zitenje, nsapato ndi zikwama mumsika wa Kariakoo. Wa ku Johannesburg, kumene ndimatenga mabulangete ndi makatani nyengo yozizira ikamayandikira, umatulukira pa Mwanza, kuwoloka Zambezi pa Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, kenako Beitbridge. Munthu woyamba kumene ndimamulangiza njira yaifupi, ngakhale ya ku Chipata kudzera pa Mchinji, kuti akalakwitsa alakwitse pa ndalama zochepa.

Za mpamba, palibe chiwerengero chimodzi chimene ndingakupatseni, chifukwa chofunika n'chakuti katundu amene mwatenga achuluke mokwanira kunyamula mtengo wa ulendo. Mtengo weniweni wa chitenje si umene mwalipira kwa mwini sitolo ku Kariakoo ayi. Pamwamba pake muikepo tikiti yopita ndi yobwera, ndalama ya katundu m'basi, malo ogona, chakudya, anyamata onyamula mabelo, msonkho wa pachipata, ndi galimoto yomaliza yokufikitsani ku Zomba, ndipo zonsezo muzigawe pa chitenje chilichonse. Ine ndili ndi makope akale odzaza katoni, ulendo uliwonse uli ndi tsamba lakelake, ndipo ngakhale ndalama ya madzi akumwa ndimailemba.

Pachipata muzipita ndi malisiti enieni a zonse zimene mwagula, ndipo muzionetsa katundu yense kwa akuluakulu a Malawi Revenue Authority. Msonkho umawawa, koma ndi ndalama yodziwika imene mungathe kuiwerengera musananyamuke. Amene sawerengereka ndi madobadoba amene amakuzungulirani mukangotsika basi, n'kumalonjeza kuti akuwolotserani katundu panjira yachidule. Chaka china ndinamvera mmodzi wa iwo, ndinamupatsa belo limodzi la zitenje madzulo, ndipo ndinakhala pa benchi ya kagolosale kena mpaka kunja kunacha, maso ali kunjira, koma munthuyo sanabwere. Sindikanatha kukadandaula kulikonse, popeza inenso ndinali nditalakwa. Ngati mudzasankhe njira ya ku Zambia, mudzafunse za ndondomeko ya COMESA, bungwe la zamalonda la mayiko a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, yotchedwa Simplified Trade Regime, imene inakonzedwera amalonda ang'onoang'ono kuti katundu wina wopangidwa m'mayiko athu omwewa azidutsa ndi mapepala ochepa. Pa Mchinji ndi Mwami, kuyambira kumapeto kwa 2022, maofesi a mayiko awiriwa anagwirizana kuti munthu aziima kamodzi kokha.

Koma chimene ndikufuna kuti muchimvetse kuposa zonsezi ndi ichi: aliyense wooda katundu kunja ali kale pa msika wa ndalama, kaya akudziwa kaya sakudziwa. Timagula ndi mashilingi, marandi kapena madola, koma timagulitsa ndi kwacha, ndipo pakati pa tsiku logula ndi tsiku lolandira ndalama yomaliza pamatha kudutsa miyezi iwiri. Kwacha ikatsika mphamvu m'miyezi imeneyo, phindu limene mumaliona m'kope limasungunuka musanaligwire.

Ndaziona zimenezi katatu konse mwamphamvu. Mu Meyi 2012, Mayi Joyce Banda atangolowa m'boma, dola imodzi inachoka pa K168 n'kufika pafupifupi K250. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwanso ndi 25 peresenti. Koma imene sindidzaiwala ndi ya Novembala 2023, pamene Reserve Bank of Malawi inaitsitsa ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pafupifupi K1,180 kufika K1,700. Mwezi wa Okutobala chaka chimenecho ndinali nditabwera ndi katundu wambiri wokonzekera Khirisimasi, ndipo wochuluka ndinakongoza amayi ogwira ntchito m'maofesi ndi m'masukulu, kuti adzapereke pakutha pa Novembala. Anaperekadi, aliyense mokhulupirika, ndipo palibe amene anandibera. Ndinakhala pa mkeka usiku umenewo ndikusanja ndalamazo m'milumilu, zinakwana ndithu monga ndinalembera, koma nditaziwerengera m'madola manja anga anazizira. Taganizirani: K2,360,000 imene sabata zingapo m'mbuyomo ikanagula madola 2,000 tsopano sinkafikanso ngakhale pa madola 1,400. Ulendo wotsatira ndinabwera ndi mabelo ochepa kuposa amene ndinagulitsa, chikhalirecho m'kope munalembedwa kuti ndapindula.

Kuchokera pamenepo ndinasintha kawerengedwe. Mpamba wanga sindiuwerenganso m'makwacha, ndimauwerenga m'katundu: ngati ndinali ndi zitenje 300, kodi ndikagulitsa zonse ndingathe kukatenga zina 300 ndi kutsala ndi yodyera? Poika mtengo sindiyang'ana zimene ndinalipira mwezi watha, ndimayang'ana zimene ndidzalipire ulendo ukubwerawo, ndipo m'mawa uliwonse ndisanatsegule sitolo ndimayamba ndaona mtengo wa dola ndi randi umene mabanki alengeza. Makasitomala ena amakwiya, amati katunduyu munagula kale pa mtengo wakale, ndipo ndimawamvetsa, chifukwa nawonso malipiro awo sanakwere. Ndimawafotokozera modekha, ena amabwerera, ena sabwerera. Ngongole ndimaperekabe, pakuti muno mu Zomba, mmene ogula ambiri ndi olandira pamwezi, malonda opanda ngongole sayenda, koma sidutsa mwezi umodzi, ndipo theka la katundu ndimaligulitsa ndi ndalama ya pompopompo.

Kupeza ndalama zakunja ndiko kwavuta kwambiri zaka zino. Njira yovomerezeka ndi kubanki kapena ku mabungwe osintha ndalama amene ali ndi chilolezo, mutatenga pasipoti ndi tikiti, ndipo lisiti lake muzilisunga pamodzi ndi pasipotiyo. Nthawi zambiri amakupatsani zochepa kuposa zimene mwapempha, kapena kukuuzani kuti mudikire. Osintha a m'misewu amakhala nazo, koma pa mtengo wokwera kwambiri, ndipo kuwonjezera pa kuphwanya lamulo, mungathe kulandira ndalama zachinyengo kapena zosakwana mutapanikizidwa pakati pa gulu. N'chifukwa chake ine ndimayamba kufunsira ndalama zakunja sabata zingapo ulendo usanakwane, pang'onopang'ono.

Tsopano za foni zija. Sindikunena kuti msika wogula ndi kugulitsa ndalama pa intaneti kulibe, ulipodi, ndipo mabanki akuluakulu a ku London ndi New York amachita malonda amenewo tsiku ndi tsiku. Vuto lili pa mmene amakokera munthu wamba. Amakulolani kuti ndi madola 100 muchite malonda a madola 10,000, zimene zimamveka ngati mwayi, koma tanthauzo lake n'lakuti mtengo ukangoyenda ndi 1 peresenti motsutsana nanu, madola anu 100 atha, ndipo kuyenda kotereko kumatheka tsiku limodzi. Ine zitenje zikapanda kuyenda malonda ndimatsala nazo m'sitolo, ndimatha kutsitsa mtengo n'kupulumutsako kanthu, koma kumeneko simutsala ndi choti mugwire. Palinso ena amene sachita n'komwe malondawo, amangotolera ndalama za anthu n'kulonjeza phindu lokhazikika sabata iliyonse, oyamba kulowa n'kumalipidwa ndi ndalama za obwera pambuyo. Aliyense amene akukulonjezani phindu lotsimikizika pa msika wa ndalama mumukane, ngakhale atakhala wa mumpingo mwanu.

Ndalama imene sindikuifuna msanga ndimaiika m'malo awiri. Ina ndimabwereketsa boma kudzera m'matreasury bill, amene amakhala a masiku 91, 182 kapena 364, ndipo chiwongoladzanja chake ndimachiyerekeza ndi mmene mitengo ya zinthu ikukwerera, chifukwa ngati chimanga ndi sopo zikukwera mofulumira kuposa chiwongoladzanjacho, ndiye kuti ndalamayo ikuchepa ngakhale chiwerengero chake chikukula. Ina ndinagula nayo masheya ochepa pa Malawi Stock Exchange ku Blantyre, kumene kuli makampani monga National Bank, Illovo, TNM ndi Airtel, kudzera kwa ogulitsa masheya ovomerezeka. Ndimagula makampani amene ndimaona ntchito yawo ndi maso anga, sindithamangira kugulitsa mtengo ukatsika pang'ono, ndipo sindinakongolepo ndalama, kaya kubanki mkhonde kaya kwa akatapila, kuti ndikagule masheya. Mpamba wa sitolo ndi ndalama ya fizi ya ana sizifika kumeneko.

Mwina mudabwa kumva kuti zambiri mwa zimenezi ndimaziganizira ndikusewera bawo. Lamlungu masana, tikaweruka kutchalitchi, timakhala pansi pa mtengo wa mango kwathu ku Chinamwali ndi anzanga awiri, ndipo pa bawo munthu sanyamula asanawerenge kumene dzanja lake likathere ndi zimene mnzake adzadye pambuyo pake. Masiku ena ndimakwera phiri mpaka ku damu la Mulunguzi, makamaka ndikangobwera ku ulendo wautali miyendo itatupa ndi kukhala m'basi, ndipo ndinadziikira lamulo lakuti chiganizo chilichonse chokhudza ndalama zambiri sindichipanga tsiku limene ndatopa kapena ndakwiya.

Ngati mtima wanu ukadali pa malondawa, musasiye kaye ntchito. Ndikukonzekera ulendo wa ku Dar es Salaam mwezi wamawa, ndipo mungathe kundipatsa gawo laling'ono la ndalama zanu, osapitirira limodzi mwa magawo anayi, kuti ndikakuodereni zitenje zimene mudzagulitse nokha kwa anzanu, n'kuona mmene anthu amalipirira. Bwerani kusitolo Loweruka m'mawa makasitomala asanachuluke, mutenge kope latsopano ndi cholembera, ndipo tidzatsegule tsamba la ulendo wanga wapitawu kuti tiwerengere limodzi mtengo wa chitenje chimodzi kuchokera ku Kariakoo mpaka pa shelefu.