Makapisozi a mafuta a nsomba ndi khansa ya m'matumbo

Achemwali, musadalire makapisozi a mafuta a nsomba kuti akutetezeni ku khansa ya m'matumbo. Bola kudya nsomba yeniyeniyo, kawiri pa sabata. Mafuta ake a omega-3 ndi abwino ndithu, koma kafukufuku wamkulu wa VITAL, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2018, sanapeze kuti makapisoziwo amachepetsa khansa. Ine ndinawamwapo, chomwe ndinaona n'kugeya fungo la nsomba basi. Ubwino wa nsomba ndi woti ikakhala m'mbale, soseji ndi nyama yofiira zimasowa malo, ndipo zimenezo n'zomwe zimawonjezera chiopsezo.

Poti mwati bambo anu anadwalapo matendawa, kaonaneni ndi dokotala za kuyezetsa msanga. Mukaona magazi m'chimbudzi kapena mukuwonda popanda chifukwa, musazengereze. Ngati mumamwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, funsani kaye dokotala musanayambe makapisozi.