Zigoba za .303 zikuduka m'munsi: wolakwa ndani?

Imelo ya sabata ino yachokera ku Limpopo, m'dziko la South Africa. Bambo wina wogwira ntchito pa famu ya nyama zakutchire akuti amathandiza abwana ake kudzazanso zipolopolo za mfuti yawo ya Lee-Enfield .303, koma zigoba zake za mkuwa zikumaduka cha m'munsi zikangowombedwa katatu kapena kanayi. Funso lawo: kodi mkuwa wa masiku ano ndi wachabechabe?

Bambo, mkuwa musaunamizire. Ine ndikukayikira die, chida chija chimene mumapanira chigoba chonse kuti chibwerere mmene chinalili.

Lee-Enfield inapangidwira nkhondo. Chipinda chake cholowa chipolopolo n'chotakasuka dala, kuti chipolopolo chilowe ngakhale chili ndi matope, ndipo bawuti yake, chitsulo chotsekera chipolopolo m'chipindamo, imakhoma cha kumbuyo. Mukawomba, chigoba chimafufuma, phewa lake (pamene chimayamba kuchepa kupita kukhosi) limasunthira kutsogolo, tsinde n'kukankhidwira kumbuyo. Mkuwa umene watanukawo umachokera pamwamba pang'ono pa tsinde. Inu mukabweza phewa lija pamene linali kufakitale, kuwomba kotsatira kumatanulanso pomwepo. Aliyense amene anadulapo waya pomangoupinda uku ndi uku akudziwa mathero ake.

Choncho panani khosi lokha, thupi lisiyeni mmene mfutiyo yaliwumbira. Zigoba za mfuti iyi zisasakanikirane ndi za ina. Tsiku limene bawuti yayamba kuvuta kutseka, bwezani phewa pang'ono zedi, pafupifupi mamilimita 0.05, basi.

Musanadzaze chilichonse, wongolani kawaya kopanira mapepala, mupinde kunsonga, mukande nako m'kati mwa chigoba kuchokera pansi. Kakakodwa pa kamzere, chigoba chimenecho chatha, ngakhale kunja chikuoneka bwino. Nthawi zina kunja kumaoneka kamkombero kowala pamalo omwewo. Chiphwanyeni ndi pulayala. Ine ndinaponyapo china pambali osachiphwanya, patapita mwezi ndinachipeza chabwerera m'chitini cha zabwino, ndipo ndinachita mwayi kuti ndinachikandanso.

Kung'ambika khosi ndi matenda ena. Mkuwa wa zigoba ndi kopa magawo 70 ndi zinki magawo 30, ndipo ukamapanidwapanidwa umauma mpaka kusweka. Mankhwala ake ndi moto: chigoba chopanda onga ndi primer (kabatani ka pansi koyatsa onga), mutenthe khosi ndi phewa kwa masekondi ochepa, kufika cha m'ma 400°C. Chikafiira ngati khala ndiye kuti mwapyoza. Tsinde lisalawe moto umenewo ngakhale pang'ono, chifukwa likafewa lingaphulike pafupi ndi nkhope yanu. Dziwaninso kuti moto suchiza kuduka kwa m'munsi kumene mwafunsa kuja.

Popukuta, pewani polishi wokhala ndi amoniya. Asilikali a Britain ku India ankadabwa kuti zipolopolo zosungidwa m'makola a akavalo nyengo ya mvula zinkang'ambika zokha. Kenako zinadziwika kuti ndi amoniya wa mu mkodzo wa akavalowo. Pa famu ngati yanu, bokosi la zigoba likhale kutali ndi khola komanso matumba a feteleza.

Primer ikamalowa mosavuta, ngati mungaikankhe ndi chala, kabowo kakula, ndipo kawirikawiri n'chifukwa cha onga wochuluka. Tayani chigobacho, muwauze abwanawo atsegulenso buku la miyezo ya onga, atsikeko pang'ono. Nswala ya pa mamita 100 sisiyanitsa.