Kodi kuthimitsa Wi-Fi kumatsekera kachilombo mu VirtualBox?

Wowerenga wina wa ku Luwinga, wokonza makompyuta, wanditumizira imelo. Akuti mafayilo okayikitsa a makasitomala amawatsegulira mu VirtualBox, pulogalamu yoyendetsera Windows ina m'kati mwa laputopu ngati kompyuta yapadera, atathimitsa kaye Wi-Fi, ndiye akufunsa ngati kachilombo kangatulukemo n'kugwira laputopu yake.

Achimwene, kangatuluke ndithu, ngakhale sizichitika tsiku ndi tsiku. Khomo lake si Wi-Fi ayi.

Khadi ya netiweki imene Windows yamkatiyo imaona si chitsulo. Ndi pulogalamu yoyenda pa laputopu yanu, yongodzionetsa ngati khadi ya Intel kapena AMD. Makina amkatiwo amalemba mu memory kuti paketi, kachidutswa ka uthenga wopita pa netiweki, ili pakuti, ndi yaitali mabayiti akuti, pulogalamuyo n'kukaitenga. Zambiri mwa izi n'zolembedwa mu C kapena C++, zinenero zimene sizikugwira dzanja ukamathira chimanga chopitirira m'chidebe. Chotayikacho chimagwera pa memory yoyandikana nayo, ndipo memoryyo ndi ya kunja, yanu.

Nkhani imene imandidabwitsa mpaka lero ndi ya chibowo cha chitetezo chotchedwa CVE-2015-7504, chimene chinapezeka mu 2015 mu QEMU, pulogalamu ina yonga VirtualBox. Khadi ya PCnet inali ndi malo a mabayiti 4096. Ikakhala pa loopback, pomwe khadi imadzitumizira yokha paketi, inkawonjezera mabayiti 4 a CRC, nambala yoonera ngati paketi sinaonongeke, kumapeto kwa paketi, osaona ngati malo atsala. Mabayiti 4 okha! Komanso pa loopback paketi siituluka m'makina, ndiye kuzula waya sikukanathandiza kanthu. Chaka chomwecho khadi ina ya mu QEMU, RTL8139, inapezeka ikuulula zam'kati mwa memory yakunja, CVE-2015-5165. Ofufuza anaphatikiza ziwirizi: ina yoonera pomwe zinthu zili, ina yolembera, n'kutulukira panja.

VirtualBox yanuyo nayo siinapulumuke. Mu Novembala 2018 Sergey Zelenyuk anaonetsa njira yotulukira kudzera pa khadi ya E1000 ili pa NAT, njira yoti makina amkati azigwiritsa ntchito netiweki ya laputopu, zomwe makina ambiri opangidwa kumene mu VirtualBox ankangobwera nazo.

Ndiye pitani ku Settings, Network, muchotse chizindikiro pa Enable Network Adapter. Kusankha Not attached kumangozula waya, khadi imakhalapobe. Chotsaninso USB, audio ndi shared folders ngati simukuzifuna, poti nazonso ndi mapulogalamu otere. Mkatimo musatsegule fayilo muli administrator, chifukwa kuti kachilombo kalamule khadi kamayenera kupeza kaye mphamvu zimenezo.

Za update ndikudziwa, bandulo ndi yowawa. Komabe ngati VirtualBox yanu ndi ija munakopera pa flash zaka zapitazo, pezani yatsopano musanatsegule fayilo ina.