Musasiye mankhwala a ziphuphu pa sabata yachisanu, achemwali

Achemwali, ndawerenga zimene mwalemba zija kawiri konse. Mwati muli ndi zaka 22, ziphuphu zikuluzikulu zowawa zakhala zikukuvutitsani m'masaya ndi m'chibwano kwa zaka zitatu, a dokotala anakupatsani mankhwala akumwa a doxycycline ndi mafuta opaka usiku, koma masabata asanu atha ndipo nkhope ikuoneka ngati yaipiratu. Mukufunsa ngati musiye n'kugula mafuta oyeretsa amene mnzanu akukuuzani, komanso mukuopa mankhwala amphamvu akumwa otchedwa isotretinoin amene a dokotala anatchula kuti akhoza kubwera mtsogolo. Ine si dokotala, koma njira mukuyendayi ndinadutsamo, ndiye ndikuuzeni zimene ndinaona ndi maso anga.

Musasiye. Masabata asanu ndi ochepa kwambiri. Chiphuphu chimene chatuluka lero chinayamba kupangika pansi pa khungu masabata angapo apitawo, pamene kabowo ka tsitsi kanatsekeka ndi mafuta a m'thupi pamodzi ndi khungu lakufa. Mafuta opaka usiku monga adapalene ndi tretinoin amatsegula timabowo timeneti, ndipo m'masabata oyamba khungu limauma, limafundula, ziphuphu zina n'kumatulukabe. Kusintha kwenikweni kumayamba kuoneka pakati pa masabata 8 ndi 12. Ambiri timagwa mphwayi nthawi imene mulimoyi, mankhwala asanayambe n'komwe kuonetsa ntchito yake.

Ndikufunseni, mukupaka ochuluka bwanji? Ine poyamba ndinkamata nkhope yonse mbuu, poganiza kuti ndichira msanga. M'mawa ndinkadzuka m'mphepete mwa mphuno muli tsabola weniweni, khungu likuyoyoka ngati gaga pa bulauzi yakuda. Mlingo wake ndi kadontho kofanana ndi njere ya nandolo, kokwana nkhope yonse, pakhungu louma bwino mutatha kusamba. Ngati zikuwotcha, muzipaka usiku umodzi, wina kudumpha, mpaka khungu lizolowere, ndipo muziika mafuta ofewetsa khungu opanda fungo pamwamba pake. Doxycycline muzimwa ndi madzi odzaza kapu, muli chikhalire kapena chiimire, osapita kukagona nthawi yomweyo, chifukwa akakakamira pakhosi amawotcha kummero. Amachititsanso khungu kupsa msanga ndi dzuwa. Si mankhwala omwa chaka chonse ayi. Nthawi zambiri pakatha miyezi itatu a dokotala amafuna akuoneni kuti aone chochita, ndiye tsiku limene anakulemberani mukabwerereko.

Tsono za mafuta a mnzanu aja, apa ndiye ndikupempheni ndi mtima wanga wonse. Ndili ndi zaka 20 ndinagula kachubu pamsika, wogulitsa atandiuza kuti m'masiku atatu ndiona kusintha. Zoonadi, sabata isanathe kufiira kunatha, nkhope inasalala, anthu kutchalitchi n'kumandifunsa chimene ndikudzola. Patatha miyezi iwiri kunatuluka tiziphuphu ting'onoting'ono tofanana tonse, mbwee pachipumi mpaka m'khosi. Ndikasiya kudzola, nkhope inkatentha ndi kuyabwa, ndiye ndinkabwereranso. Pamene ndinkafika kuchipatala, masaya anga anali atapyapyala moti timitsempha tinkaonekera. Amene anandiona anatembenuza kachubu kaja n'kundilozera mawu ang'onoang'ono akuti clobetasol. Amenewo, pamodzi ndi betamethasone, ndi mankhwala amphamvu a gulu la steroid, opangira matenda ena a khungu, ndipo pankhope amabweretsa ziphuphu m'malo mozichotsa. Ena mwa mafuta oyeretsawa muli hydroquinone, amene ukadzola kwa nthawi yaitali amasiya mawanga akuda bii m'masaya ovuta kuchotsa kuposa amene unali nawo poyamba. Ena muli mercury, yemwe amawononga impso. Musanagule chilichonse, werengani mawu a kumbuyo kwa chubu. Chopanda mawu, chothiridwa m'kabotolo kosalembedwa, chisiyeni pomwepo.

Chimene chikukuwawani kwambiri ndikudziwa kuti ndi zipsera. Yendetsani chala pankhope panu mutatseka maso. Ngati pamene pali bangapo ndi posalala, ndiye kuti ndi mtundu chabe. Khungu lathu lakudali likatupa kapena kuvulala limatulutsa utoto wake wambiri pamalopo, n'chifukwa chake chiphuphu cha sabata imodzi chimatisiyira banga la miyezi. Mawanga amenewa amazimiririka okha, ena m'miyezi 6, ena chaka kapena kupitirira, malinga ngati pamalopo sipakutulukanso china. Apa ndi pamene ine ndinkalakwitsa kwa zaka: ndinkathamangitsana ndi mawanga, ziphuphu zatsopano zikubwerabe n'kumasiya ena. Yambani mwatseka kaye kumene akuchokera. Adapalene yemweyo amathandiza kuti mawanga azimiririke, ndipo azelaic acid ndi wabwinonso pa khungu lathu, mukhoza kufunsa a dokotala kapena kufamase.

Dzuwa limadetsa mawangawa. Tinakula tikumva kuti mafuta oteteza kudzuwa ndi a azungu ndi abale athu achialubino, koma aliyense wa mawanga akufunika olembedwa SPF 30 (nambala yosonyeza mphamvu yake yoteteza kudzuwa) kapena kuposa apo m'mawa uliwonse, makamaka dzuwa la Okutobala lija. Ndi odula, sindikana. Ndalama zikavuta, chipewa chachikulu kapena ambulera poyenda masana zimathandiza ndithu.

Koma ngati chala chikugwera m'timaenje, kapena chikukumana ndi chotupa cholimba m'chibwano, pachifuwa kapena kumsana, chimenecho ndi chipsera chenicheni, ndipo palibe mafuta a pamsika amene angachichotse. Zotupa zolimba zija, zimene madokotala amati keloid, amazibaya jakisoni kuchipatala kuti ziphwe. Timaenje timachepetsedwa ndi njira zina za akatswiri a khungu, koma zimenezo zimabwera ziphuphu zitatha. Ziphuphu zozama zowawa ngati zanuzo ndi zimene zimasiya timaenje, ndipo ndi chifukwa chake a dokotala anatchula isotretinoin.

Ineyo ndinamwa, ndipo ndi imene inandithetsera vutoli. Imachepetsa mafuta amene khungu limatulutsa, ndipo anthu ambiri amamwa kwa miyezi 4 mpaka 6, ena kupitirirako, malinga ndi kulemera kwa thupi. Milomo imauma kwabasi. Ndinkayenda ndi kabotolo ka Vaseline m'thumba lililonse, ndipo tsiku lina ndikuseka m'minibasi mlomo wam'munsi unang'ambika n'kutuluka magazi. M'mphuno mumauma, maso amauma, msana nthawi zina umaphwanya. Amakuyezani magazi kuti aone chiwindi ndi mafuta a m'magazi. Simumwa pamodzi ndi doxycycline, simuwonjezera mapiritsi a vitamin A, mowa ndi bwino kuupewa, ndipo simupereka magazi mpaka patatha mwezi mutamaliza.

Chachikulu pa zonse kwa ife akazi ndi mimba. Isotretinoin imalemaza mwana m'mimba koopsa, ngakhale mutangomwa kwa masiku ochepa. Simuyenera kutenga pakati mukumwa, ndiponso mwezi wathunthu mutasiya. A dokotala adzakuyezani mimba ndi kukambirana nanu za kulera, ndipo pamenepo musachite manyazi, nenani zoona zokhazokha. Musagule mwamseri kwa munthu wochokera nawo kunja, ndipo musagawire mnzanu ngakhale kapisozi mmodzi. Mukaona kuti mtima wayamba kulemera, simukufuna kudzuka kapena maganizo oipa akubwera, uzani a dokotala tsiku lomwelo, ndipo kunyumba pakhale munthu mmodzi wodziwa kuti mukumwa mankhwalawa. Mutu ukamawawa kwambiri, maso n'kumaona zachimbuuzi, siyani kumwa muthamangire kuchipatala.

Poti tatchula zolera, ngati munabayitsa jakisoni wa miyezi itatu kapena muli ndi kam'mkono kaja, auzeni a dokotala, chifukwa mwa ena njira zimenezi zimawonjezera ziphuphu. Ngati msambo wanu umadumphadumpha ndipo tsitsi likumera kuchibwano, nenaninso, mwina gwero lake ndi mahomoni ndipo thandizo lake limakhala lina.

Mandimu, soda, mankhwala otsukira mano, kukhula ndi chinkhupule kapena mwala, zonsezi zimangopsereza khungu n'kuwonjezera mawanga. Ziphuphu si litsiro. Kusamba kumaso kawiri patsiku ndi sopo wofatsa n'kokwanira. Mafuta a tsitsi asamatsikire pachipumi, ndipo duku logona nalo muzilichapa pafupipafupi. Kufinya ndikudziwa kuti n'kovuta kusiya, dzanja limangopita lokha. Ine chinandithandiza ndi kuwenga zikhadabo ndi kuchotsa kagalasi kamene kanali pafupi ndi bedi. Za mtedza zimene aliyense adzakuuzeni, ine ndinausiya chaka chathunthu osaona kusintha. Zotsekemera kwambiri ndi zakumwa za shuga mukachepetsa, ena zimawathandiza pang'ono, koma ziphuphu ngati zanuzo sizitha ndi kusala zakudya. Ndipo akamati zidzatha mukadzakwatiwa, musawamvere.

Mwalembanso kuti munasiya kupita kukwaya ndipo zithunzi mumazithawa. Mawu amenewo andikhudza kuposa ena onse, chifukwa inenso ndinakana kuperekeza ukwati wa msuweni wanga pa chifukwa chomwechi, ndipo mpaka lero ndimamva chisoni ndikaona zithunzi za tsikulo ine mulibe. Zimenezi mukawauzenso a dokotala, chifukwa mmene ziphuphu zikukusowetserani mtendere zimawerengedwa posankha mankhwala. Ngati kumene mukupitako mukuona kuti sakukumvetsani, pemphani kalata yopita kukiliniki ya khungu. Ku Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe iliko.

Usiku uno dzijambuleni pafoni, kumaso ndi mbali zonse ziwiri, pamalo owala bwino, ndipo muzibwereza tsiku lomwelo mwezi uliwonse. Pagalasi la tsiku ndi tsiku simungaone kusintha, koma chithunzi cha lero mukadzachiika pambali pa cha mwezi wachitatu mudzakhala ndi chowaonetsa a dokotala. Mundiuze dzina la mafuta amene anakupatsaniwo ndi mmene mukupakira, tione limodzi ngati kuipa kwa nkhopeko kukuchokera pa mlingo.