Zithunzi za pakhoma za amayi a ku Iran: yankho kwa achemwali amene afunsa

Achemwali, mwafunsa zinthu ziwiri pakamodzi. Choyamba, kodi kupaka penti pachipupa cha ku Ulaya kungamuthandize chiyani mtsikana amene ali m'ndende ku Tehran? Chachiwiri, bwanji ojambula ena akuphatikiza nkhani ya amayi a ku Iran ndi ya kudana ndi Ayuda, ngati kuti ndi mlandu umodzi? Ena akuyankhani kale kuti zonsezi n'zongodzionetsera. Ine sindikuvomereza, ngakhale pali pena pamene nanenso ndimakanda mutu.

Tiyambire ku Iran konko, chifukwa anthu amaiwala kuti zojambulazi sizinayambire kunja. Mahsa Amini, amene kwawo ankamutchula Jina, anali mtsikana wachi Kurd wa zaka 22 wochokera ku Saqqez. Apolisi oona za kavalidwe anamugwira ku Tehran pa 13 September 2022 ati sanavale bwino mpango wakumutu, ndipo pa 16 anamwalira m'chipatala. Pamaliro pake amayi anavula mipango, ndipo mfuu ya "Mayi, Moyo, Ufulu" inafalikira dziko lonse. Patatha masabata ngati atatu, anthu a ku Tehran anadzuka n'kupeza madzi a m'maiwe okongoletsa mzinda, kuphatikizapo a pa Fatemi Square, atafiira ngati magazi. Amene anathiramo utotowo sanalembe dzina lake paliponse, ndipo chifukwa chake n'chodziwika. Akuluakulu a mzinda anathamangira kukhuthula madziwo, koma mafoni anali atajambula kale.

Boma la Iran silichita chibwana ndi khoma. Lokha ndi limene limapaka kwambiri: mpanda wa pomwe panali ofesi ya kazembe wa America uli ndi zithunzi zonyoza dzikolo, ndipo mu 2017 pa Palestine Square anaikapo wotchi yowerenga masiku otsala kuti dziko la Israel lithe pofika 2040. Boma lodziwa mphamvu ya khoma chonchi silingalole wina kulembapo zake. Mu December 2017 Vida Movahed anangokwera pabokosi la magetsi mumsewu wa Enghelab, n'kukoleka mpango woyera kundodo, osayankhula kanthu. Anamangidwa. Amayi ena atayamba kutengera, mabokosi ena anawaika chotsetsereka pamwamba kuti munthu asathe kuimapo. Taganizani, kukonzanso mabokosi a magetsi chifukwa cha mayi ndi ndodo.

Ndiye amene ali kunja amakhala ngati akubwereketsa chipupa kwa amene alibe. Chitsanzo chimene chimayankha mafunso anu onse awiri ndi cha wojambula wa ku Milan, ku Italy, wotchedwa aleXsandro Palombo. Mu October 2022 anajambula Marge Simpson, mayi wa m'katuni uja wa tsitsi lalitali labuluu, atagwira sizasi ndi tsitsi lake lodula, moyang'anizana ndi ofesi ya kazembe wa Iran mumzindawo. Kudula tsitsi polira ndi mwambo wakale ku Iran, ndipo pa nthawiyo amayi ankachita zimenezi pamanda ndi m'misewu. Chithunzicho sichinakhalitse, chinachotsedwa. Iye anabwerera n'kujambulanso Marge yemweyo, ulendo uno ataimika chala chotukwana. Mwina mungati n'zachibwana, koma amene anachotsa choyambacho sanachione ngati chibwana.

Palombo yemweyo mu 2024 anajambula nkhalamba ziwiri zimene zinapulumuka ku Auschwitz (msasa umene a Nazi, chipani cha Hitler, ankapherako Ayuda), Liliana Segre ndi Sami Modiano. Apa ndiimepo pang'ono. Onse awiri anawaveka zovala zamizeremizere za akaidi a kumsasa, koma pamwamba pake anawaveka chovala chotchinga zipolopolo, chokhala ndi nyenyezi yachikasu imene a Nazi ankakakamiza Ayuda kusokerera pachifuwa. Chovala cha zipolopolocho sichongopeka. Segre anabadwa mu 1930, anakwezedwa sitima yopita ku Auschwitz pa pulatifomu 21 pansi pa siteshoni yaikulu ya Milan pa 30 January 1944 ali ndi zaka 13, bambo ake sanabwereko. Mu 2018 anasankhidwa kukhala senator wa moyo wonse, ndipo kuyambira 2019 amayenda ndi apolisi omulondera chifukwa cha mauthenga omuopseza. Gogo woyandikira zaka 90 kuyamba kuyenda ndi alonda mumzinda wobadwira! Chithunzi cha Segre ndi Modiano chija anthu anachikala, ndipo sanakale paliponse ayi: analunjika nkhope ndi nyenyezi. Kenako chinafufutidwa chonse. Munthu wongodana ndi penti pakhoma sasankha pokala chonchi.

Tsono kuphatikiza kuja kumachokera kuti? Mbali ina n'chifukwa boma lomwe limamanga atsikana pa nkhani ya mpango lakhala likusewera ndi mbiri ya kuphedwa kwa Ayuda 6 miliyoni. Mu 2006 nyuzipepala ya Hamshahri inachititsa mpikisano wa makatuni onena za Holocaust, dzina la kuphedwa kwa Ayudako, ndipo chaka chomwecho mu December, Mahmoud Ahmadinejad ali pulezidenti, ku Tehran kunachitika msonkhano umene unaitana anthu otsutsa zoti kuphaku kunachitika. Mbali ina ndi mbiri yakale imene ife owerenga Baibulo timaidziwa. Koresi amene analola Ayuda kubwerera kwawo kuchokera ku Babulo anali mfumu ya Perisiya, dziko limene lero ndi Iran, ndipo mumzinda wa Hamadan muli manda amene mwambo umati ndi a Esitere ndi Moredekai. Mpaka lero ku Iran kuli Ayuda masauzande angapo, ndipo ali ndi mpando umodzi m'nyumba ya malamulo. Hooman Khalili, wobadwira ku Iran koma wokulira ku California, anatsamira pa mbiri imeneyi pamene mu 2023 anayamba kuika zithunzi zikuluzikulu za Mahsa ndi amayi ena a ku Iran m'mizinda ya Israel monga Jerusalem, Nazareth ndi Netanya. Uthenga wake ndi woti chidanicho n'cha atsogoleri, osati cha anthu wamba.

Pamenepa ndi pomwe ndimakanda mutu. Pa 3 October 2022 Ali Khamenei, mtsogoleri wamkulu wa Iran pa nthawiyo, ananena poyera kuti zionetserozo zakonzedwa ndi America ndi Israel. Ndiye nkhope ya mtsikana wophedwa ikaoneka pakhoma ku Jerusalem, wojambulayo angakhale ndi mtima wabwino, koma woweruza wa ku Tehran wapeza chonamizira. Amene amalipira si wojambula, ndi mng'ono wake wa malemuyo kapena mayi ake amene akadali komweko. Komanso chiyambireni nkhondo ya ku Gaza mu October 2023, mawu akuti kudana ndi Ayuda ena amawagwiritsa ntchito potseka pakamwa aliyense wodzudzula boma la Israel, pomwe ena amabisa chidani chenicheni kuseri kwa kudzudzulako. Kulira ana a ku Gaza sikukupangitsani kukhala wodana ndi Ayuda. Koma wokala nkhope ya Segre, amene anali kamtsikana mu 1944, sanathandize mwana aliyense wa ku Gaza.

Kwa alongo athu achisilamu mugulu muno, nkhaniyi si yonyoza hijabu. M'zionetsero za 2022 munali amayi ofunda kumutu akuyenda limodzi ndi osafunda. Chimene akukana ndi lamulo la 1983 limene linaika chilango pa tsitsi la munthu. Ifenso tisamaione ngati nkhani yakutali: kuyambira 1973, kwa zaka pafupifupi 20, mayi kuno sankaloledwa kuvala thalauza pagulu, ndipo mu January 2012 amayi anavulidwa m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre pa nkhani yomweyi.

Kodi penti inatulutsapo munthu m'ndende? Ayi. Mohsen Shekari, mmodzi wa ochita zionetsero zija, ananyongedwa pa 8 December 2022 makoma a ku Ulaya atadzaza kale zithunzi, ndipo Narges Mohammadi, womenyera ufulu wa anthu ku Iran, anapatsidwa mphoto ya Nobel mu 2023 ali m'ndende ya Evin, ana ake ndi amene anakalandira ku Oslo. Chimene khoma limachita n'chochepa kuposa pamenepo: limakuika dzina panjira yopita kumsika, iwe usanapemphe. Gunter Demnig wa ku Germany wakhala akukwirira timiyala tokutidwa ndi mkuwa, masentimita 10 mbali iliyonse, pakhomo pomwe munthu wotengedwa ndi a Nazi ankakhala komaliza. Pamalembedwa kuti "Pano pankakhala", kenako dzina, chaka chobadwa ndi kumene anakathera. Kuti uwerenge uyenera kuwerama. Mu 2023 timiyalati tinafika 100,000.

Koma ngakhale pa timeneti Ayuda enieniwo sagwirizana onse. Ku Munich, Charlotte Knobloch, amene naye anapulumuka ali mwana atabisidwa kumudzi, anakana kuti mayina a akufa azipondedwa ndi nsapato, ndipo khonsolo ya mzindawo inaletsa kutiika m'misewu yake kuyambira 2004. Kumeneko mayina amawaika pakhoma ndi pa timizati, molingana ndi maso a munthu woimirira.