Chifukwa chake mafilimu a mumblecore amayenda mwakachetechete

Mwafunsa chifukwa chake m'mafilimu ena a ku America achinyamata amangocheza m'zipinda zalendi, kukondana ndi kusiyana popanda chachikulu chochitika. Mafilimu otere amatchedwa mumblecore, dzina limene linayamba kumveka mu 2005 pa chikondwerero cha mafilimu ndi nyimbo cha South by Southwest ku Austin, Texas, ngakhale ambiri amati filimu yoyamba ya mtunduwu inali Funny Ha Ha ya Andrew Bujalski, ya mu 2002. Opanga mafilimuwa analibe ndalama zambiri, choncho ankajambulira m'nyumba za anzawo ndi anthu osaphunzira zisudzo, amene nthawi zina ankapeka okha zolankhula. Kwa ine, kukoma kwake kuli pa chibwibwi cha mnyamata wolephera kufunsira mtsikana, pamene kamera ikumudikira osamufulumizitsa.