Mabiringanya onunkhira utsi: yankho kwa mayi amene akuchepetsa mchere ndi mafuta

Mayi wina wanditumizira imelo sabata ino. Akuti kuchipatala anawapeza ndi vuto la kuthamanga kwa magazi ndipo anawalangiza kuchepetsa mchere, majarini ndi zokazinga. Ali ku Johannesburg analawako baba ghanoush, chakudya cha mabiringanya ootcha ndi ophwanya, pamalo odyera a anthu a ku Lebanon, ndiye atabwerera kumudzi anayesa kupanga yawo mu uvuni. Inatuluka yamadzimadzi, yowawirira, yopanda fungo la utsi lija. Akufunsa chimene chinalakwika, komanso ngati zingatheke popanda tahini, chimodzi mwa zosakaniza zake, poti kwawoko sapezeka.

Mayi, vuto linali uvuniwo. Chakudyachi n'cha ku Lebanon, Syria, Palestine ndi Jordan, ndipo kumeneko biringanya amaliika pamoto weniweni mpaka khungu lipserere. Utsi wa khungu lopsereralo ndi umene umalowa m'kati n'kupereka kakomedwe konse. Uvuni umangofewetsa basi. Choncho mbaula imene muli nayo pakhonde ndi chida choyenera kuposa uvuni wamagetsi.

Sankhani mabiringanya awiri apakatikati, olimba, a khungu lonyezimira. Okhwimitsa amakhala ndi njere zambiri, ndipo nthawi zambiri kuwawa kumachokera pamenepo. Abooleni ndi foloko malo angapo kuti asaphulike. Dikirani makala ayake bwino mpaka utsi wakuda uthe, kenaka muwaike pamwamba penipeni pa makalawo, muzitembenuza mbali ina ikapsa. Zimatenga mphindi 15 mpaka 25. Apa ndi pamene anthu ambiri amachita mantha n'kuphula msanga poona khungu lada bii. Musaphule. Dikirani mpaka biringanya lifwote, lizigonja mukalikanikiza ndi supuni, makamaka cha kuphesi kumene kumachedwa kupsa. Mbaulayo ikhale panja, chifukwa mpweya wa makala m'nyumba yotseka umapha anthu.

Mukaphula, ikani mumphika, vundikirani mphindi 10 kuti khungu lisavute kusenda. Sendani ndi zala kapena palani zam'kati ndi supuni. Chonde musatsuke ndi madzi ngakhale patatsala timakungu takuda pang'ono, apo ayi mutsuka fungo lonse limene mwalivutikira. Kenaka ikani zam'katizo mu sefa kwa mphindi 20 kapena 30 kuti madzi akhe. Biringanya ndi madzi pafupifupi magawo 92 pa 100 alionse, ndiye mukadumpha apa muona zomwe zija munaona ulendo woyamba.

Tsopano za tahini. Dzinali lisakuopseni: ndi chitowe chopera mpaka kukhala ngati chiponde. Chitowe timalima konkuno, ku Chikwawa ndi ku Nsanje chimachita bwino, ndipo m'misika ikuluikulu chimapezeka. Kazingani theka la kapu pamoto wochepa popanda mafuta mpaka chiyambe kununkhira, osalola kuti chide chifukwa chikapserera chimawawa. Sinjani mu kamtondo kapena mu blenda, muonjezere supuni imodzi ya mafuta ophikira kuti chisalale. Ena amaikamo chiponde cha mtedza. Zimadyeka ndithu, koma mtedza uli ndi fungo lamphamvu lomwe limaphimba utsi, ndiye ine ndikadakonda mutavutikako pang'ono kufunafuna chitowecho.

Kusakaniza n'kosavuta. Sinjani kachigawo kamodzi ka adyo, mukaviike m'madzi a ndimu limodzi kwa mphindi zochepa kuti ukali uchepe. Phwanyani mabiringanya ndi foloko, osati blenda, kuti asasanduke phala. Thirani masupuni awiri a chitowe chija, ndimu ndi adyo uja, kenaka mchere wongotsina. Lawani. Mukamva ngati pakusowa kanthu, yambani mwaonjezera ndimu musanagwire mchere.

Mfundo imeneyi ndi imene ikundichititsa kuona kuti chakudyachi chikuyenerani. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere patsiku, omwe ndi osakwana supuni yaing'ono imodzi. Kuchepetsa mchere kumavuta chifukwa chakudya chimazizira mkamwa, munthu n'kugwa ulesi. Koma apa utsi, ndimu ndi adyo zimadzaza mkamwa kale, moti mchere wochepa umakwanira. Pa mafuta n'chimodzimodzi. Biringanya laliwisi lili ndi makalori (muyeso wa mphamvu ya m'chakudya) pafupifupi 25 okha pa magalamu 100, koma mukalikazinga limamwa mafuta ochuluka kwambiri. Lootcha silimwa ngakhale dontho. Chenjerani ndi chitowe chokha: mafuta ake ndi abwino, komabe supuni yaikulu imodzi ili ndi makalori pafupifupi 90, choncho musathire modzaza dzanja.

Chodyera chake nachonso n'chofunika. Ku Lebanon amapisamo buledi wawo wopyapyala, n'kuthira pamwamba timafuta ta maolivi, nthawi zina ndi njere za makangaza. Inu mukapisamo tchipisi kapena mabisiketi amchere, phindu lonse lathera pomwepo. Dulani karoti, nkhaka ndi tsabola wobiriwira motalika, kapena mudyere mbatata yootcha pambaula yomweyo. M'mawa pakani pa buledi wa bulawuni m'malo mwa majarini. Ndikupempheninso kuti mankhwala amene anakupatsani kuchipatala mupitirize kumwa, chifukwa chakudyachi chimangothandizira, sichilowa m'malo mwake.

Zotsala ikani m'kabakuli kotseka bwino mu firiji, zimakhala masiku atatu kapena anayi. Ngati mulibe firiji, kapena magetsi akuzimazima, otchani biringanya limodzi lokha loti mudye tsiku lomwelo.